Mutu 5: Mapazi Oloza Kukhomo

1. Basi inapita yokha

Basi yopita kumudzi inanyamuka Leandro akuiona. Anali ataima kuseri kwa chipilala pa depoti ya Toledo, chikwama kumsana, tikiti ili m'manja. Dalaivala analiza hutala, chitseko chinatsekeka, ndipo mpando wake unapita wopanda munthu.

Mawa lake linali Tsiku la Oyera Onse. Aliyense m'basimo anali atanyamula maluwa. Azimayi anali ndi ndowa ndi nsalu zopukutira, pakuti madzulo amenewo ndi otsuka manda.

Leandro anali asanapondekonso kumanda chichitikireni maliro a mkulu wake Damián, amene anagundidwa ndi lole m'nkhungu, ali pa njinga yamoto, akupita kukadulira mphesa. Koleji ya zamalamulo anaisiya osauza munthu. Ankangogona pamipando ya anzake mpaka anzakewo anayamba kusayankha mafoni.

Foni inanjenjemera m'thumba. Anali mawu ojambulidwa.

"Leandro, ndine malume ako Fermín. Ndikaimba suyankha, ndiye mvera mawu awa, ukafuna uwafufute. Mkulu wako ali pa mzere wapamwamba penipeni m'khoma la kumanda muja. Ukudziwa. Safikapo munthu popanda makwerero. Ine msana unandikana kalekale. Mayi ako bondo lija latupa ngati dzungu, ndipo chizungulire chikuwagwira ngakhale powerama kuti amange nsapato. Koma anenetsa kuti mwana wawo sagona m'fumbi chaka chake choyamba, anzake onse atatsukidwa. Akuti ukapanda kufika dzuwa lisanalowe, akwera okha. Mlongo wanga ndimamudziwa, akanena wanena.

"Tsiku la maliro unathawa mmisiri asanamalize kumata pamanda. Palibe anakunena. Tinati ndi mwana, mtima wamuwawa. Koma mphwanga, chisoni chimenechi si chako wekha. Iwe watenga misozi n'kukabisala nayo mumzinda, ntchito watisiyira ife okalamba. Mako ndi mako angachepe mwendo. Bwera udzakwere makwerero amenewa, apo ayi chaka chamawa udzatsuka miyala iwiri."

Leandro anazimitsa foni. Anayamba kukwera chitunda cholowera mumzinda wakale.

2. Nyumba ya timabokosi

Inali nthawi ya chakudya chamasana. Ogulitsa anali kutsitsa zitseko zachitsulo, ndipo tinjira tamiyala tinkatsala topanda munthu. Nkhungu ya kumtsinje inali isanachoke chiyambire m'mawa. Pa windo la sitolo ina panali maswiti a nyengoyi, oyera, otalika ngati chala, aja amatchedwa mafupa a oyera. Damián ankawadya mpaka kudwala. Leandro anayang'ana kumbali.

M'kanjira kena kopapatiza moti munthu amakhudza makoma onse awiri, anapeza nyumba ya alendo yotsika mtengo. Pakhomo panali chithunzi cha munthu atagona m'kabokosi, akumwetulira.

Mkati munali mayi wokalamba wovala juzi yakuda, akudula mapesi a maluwa oyera m'ndowa. Anamuyang'ana kuyambira kunsapato.

"Ndikufuna malo, agogo."

"Agogo ako ndani? Ndinakuberekera bambo ako ine? Ndine mayi Sagrario." Anapukuta manja pa juzi. "Muno mumagona ana a ku Korea ndi a ku Jeremani, a zikwama zazikulu kuposa iwo eni. Iwe kalankhulidwe kako n'ka kuminda ya mphesa. Basi yakusiya?"

"Eya, mayi."

"Ina ilipo madzulo ano."

"Ndikudziwa."

"Ohoo. Ukudziwa."

Sanafunsenso. Anamutsogolera pa masitepe opita pansi, akutsika chammbali, dzanja lili pakhoma. Kunsiko kunkazizira ndipo kunkanunkha mwala wonyowa.

Leandro atafika pansi anaima chilili. Khoma lonse linali timabokosi toyera, tosanjikizana mizeremizere mpaka kudenga. Kalikonse kanali ndi kachitseko kake, nambala yake, ndi kashelefu kakang'ono pakhomo. Pambali panali makwerero achitsulo.

Anali ataonapo khoma lotere kumanda. Linali ndi maina ndi zithunzi m'malo mwa manambala. Anali ataona bokosi la Damián likukwezedwa, likukankhidwira m'kabowo kake, pamwamba pa anthu ena atatu osawadziwa.

"Tam'munsi tonse tatengedwa. Kako n'kapamwamba ako," anatero mayi Sagrario. "Koma tamvera. Mtsamiro uupeza uli mkati, kukhoma. Uutembenuze. Mutu wako ukhale kukhomo kuno."

"Chifukwa?"

"Ukufunsa ngati sunaleredwe. Mdzukulu wanga amene anagula timabokositi amati ndine wachikale. M'mawa uliwonse ndimatembenuza mitsamiro yomwe ndingathe kufikira, iye akabwera kuchokera ku Madrid amabwezera. Alendo a kunja agone mmene akufunira, kwawo ali ndi miyambo yawo. Koma mwana wa dziko lino sagona mapazi ataloza kukhomo. Amene amatuluka m'nyumba mapazi ali patsogolo ukumudziwa. Amayi anga ankati ukagona choncho ukuwauza a kumanda kuti wakonzeka, angobwera kudzakukoka mwendo. Ine sindikuti n'zoona. Ndikungoti ndakalamba chonchi ndisanayesepo. Makamaka lero, mwanangu. Lero a kumandawo akudikira alendo, ndipo amene sanayenderedwe amatuluka kukafunsa chifukwa."

Leandro anaseka, koma kuseka kwake kunalibe mano.

"Akabwera kudzandikoka andipeputsira ulendo, mayi. Sindivutikanso ndi basi."

Mayi Sagrario anachita chizindikiro cha mtanda.

"Pakamwa pakopo," anatero, n'kuyamba kukwera masitepe.

3. Mkati

Leandro anakwera makwerero n'kulowa chokwawa, mutu patsogolo. Mtsamiro sanaukhudze. Anakoka kachitseko ndi phazi mpaka kanatsika n'kuti thi.

Munali moyera ndi mosalala. Denga linali pafupi ndi mphuno. Akatambasula zigongono zinkagunda mbali zonse ziwiri. Mabelu a tchalitchi chachikulu ankamveka kutali ngati akulira pansi pa madzi, kenako anasiya.

Anapinda manja pachifuwa. Atazindikira mmene wagonera, anawachotsa msanga.

Kanyale ka kumutu kanazima kokha.

Mdima wa mmenemo sunali ngati wa m'chipinda. Unalibe mng'alu. Ankamva mpweya wake ukugunda denga n'kubwerera kumaso kwake.

Ali ana, iye ndi Damián ankagona pa bedi losanjikiza, mkulu pamwamba, mng'ono pansi. Leandro ankaopa mdima. Akadzidzimuka ankagogoda thabwa la pamwamba pake: go-go, go. Damián ankayankha chimodzimodzi, ngakhale ali m'tulo, kutanthauza kuti ndili pano. M'mawa ankamuseka.

"Iwe loya wamawa, ukuopa mdima? Nanga woweruza ukamuyang'ana bwanji? Werenga, galu iwe. Ine ndidula mphesa, iwe udzanditulutsa m'ndende."

Mphesazo anadula mpaka tsiku lomaliza. Loya wamawayo tsopano anali chigonere m'bokosi lobwereka, dzuwa lili pamutu.

Kenako anamva phokoso.

Khwe. Khwe. Khwe.

Linkachokera m'khoma, kumutu kwake. Silinali lalikulu. Linali la chitsulo chikukwecha pamwala, chikutapa, chikupaka, chikusalaza. Leandro ankalidziwa. Unali mpeni womangira. Ndi phokoso lomwe linamuthamangitsa kumanda, pamene mmisiri ankamata pakhomo pa Damián, anthu onse ali chete, mayi ake akuyang'ana mng'alu womaliza ukutsekeka.

Khwe. Khwe.

Anakankha kachitseko ndi phazi. Sikanasunthe. Anakankhanso ndi mapazi onse awiri. Anayesa kutembenuka kuti afikeko ndi manja, koma bondo linakakamira kukhoma, mutu unagunda denga. Anafufuza foni osaipeza.

"Mayi Sagrario! Mayi!"

Mawu ake sanatuluke m'bokosimo. Mpeni uja unkapitiriza ntchito yake mosafulumira.

Dzanja lake linachita lokha. Linakwera n'kugogoda khoma.

Go-go, go.

Kukwecha kuja kunasiya.

Leandro anagwira mpweya. Panapita kanthawi. Ndiye pafupi ndi khutu lake lenileni, mofatsa, ngati munthu amene ali m'tulo:

Go-go, go.



"Achimwene?"

M'malo mwa yankho kunamveka phokoso lina, la kumapazi. Makwerero achitsulo anali kulira. Munthu anali kukwera, pang'onopang'ono, akupumira m'mwamba, akuima pa sitepe iliyonse ngati amene bondo likumupweteka. Makwererowo ankagwedera.

Leandro anaiwala mpeni, anaiwala mdima.

"Amayi, musakwere!" anakuwa. "Tsikani! Ndikubwera, musakwere!"

Kachitseko kanatseguka. Dzanja lozizira ngati mwala linamugwira pa akakolo n'kukoka.

4. Mkaka wotentha

"Siya kumenya mateche, undigwetsa!"

Anali mayi Sagrario. Anali pamwamba pa makwerero, dzanja limodzi lili pa mwendo wake, lina litakakamira chitsulo. Silipasi imodzi inali itagwera pansi.

"Tuluka undigwire. Kukwera ndakwera, koma kutsika sindikudziwa."

Leandro anatuluka chafutambuyo, anadutsa pambali pawo n'kudumphira pansi. Anawagwira m'chiuno n'kuwatsitsa. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Atafika pansi mayi Sagrario anakhala pa masitepe nthawi yaitali, dzanja lili pamtima.

"Wandikweza makwerero ndi mawondo anga awa," anatero. "Kachitseko kameneka kamakwera m'mwamba. Ukakamenya mateche kamalimba. Ukanagona mutu uli kukhomo ukanangokakweza ndi chala."

Leandro anawatolera silipasi n'kuwaveka. Sanathe kuwayang'ana kumaso.

Kukhitchini anamupatsa mkaka wotentha.

"Kuseri kwa khomalo kuli mmisiri, eti mayi? Akukonza nyumba?"

"Alipo, Eulogio. Akumata khoma la kunjira."

Mtima wa Leandro unayamba kukhala pansi.

"Koma lero sanabwere. Wapita kwawo kukatsuka manda a bambo ake," anapitiriza mayi Sagrario.

"Nanga m'kabokosi koyandikana ndi kanga?"

"Mulibe munthu. Alendo onse ali kunja, akujambula matchalitchi." Anamuyang'ana. "Nyumba ino ndi yakale kuposa dzina la banja lako. Ili ndi mapaipi, ili ndi nkhunda, ili ndi makoswe. Sankhapo chimodzi, mtima ukhale pansi. Ine khoma sindilifunsa mafunso. Koma iwe unkakuwa kuti amayi musakwere. Akukwera kuti mayi akowo?"

Leandro anawauza. Ananena za nkhungu ndi lole, za mzere wapamwamba, za bondo la mayi ake. Mayi Sagrario anamvetsera akudula mapesi a maluwa awo. Leandro atamaliza, iwo anaika sizasi pansi.

"Mvera, mwanangu. Chaka chilichonse ndimapita kumanda kwa amuna anga a Eusebio, ndipo chaka chilichonse ndimaona zomwezomwezo. Azimayi okalamba ataima pansi pa khoma, ndowa m'manja, akuyang'ana m'mwamba ngati nkhuku zomwa madzi. Akudikira mwana wa eni ake amalize kwawo kuti awakwerereko. Ana awo alipo. Ali ku Madrid, ali ku Barcelona, ali ndi zifukwa zabwino kwambiri. Chaka chatha mnzanga wina anatopa kudikira. Anangokwera pang'ono, osafika n'komwe pakati. Chiuno chinathyoka, ndipo Khirisimasi sanaione.

"Iwe ukuopa khoma. Khoma silinamezepo munthu wamoyo. Akufa sapweteka munthu, opweteka ndi amoyo amene safika. Wabwera muno kudzadziika m'bokosi kuti ufanane ndi mkulu wako, ukuyesa kuti chimenecho ndiye chikondi. Iye mnzake wogona naye sakumufuna, ali nawo ambiri, pansi pake ndi m'mbali mwake. Akufuna womupukuta kumaso. Ndipo mayi ako anabereka ana awiri. Mmodzi anawalanda Mulungu. Winayu asadzilande yekha."

Leandro anaweramitsa mutu.

"Koleji ndinasiya, mayi. Iwo sakudziwa."

"Ukawauze. Koma ukawauze uli pansi, osati uli pamakwerero iwo atakugwirira. Angakugwedeze."

Leandro anaseka, ndipo ulendo uno misozi inatuluka limodzi ndi kusekako.

Mayi Sagrario anagawa maluwa a m'ndowa pakati n'kukulunga theka m'nyuzipepala.

"A Eusebio anga sadandaula. Ali moyo sankasiyanitsa duwa ndi kabichi. Thamanga, basi sidikira olira."

5. Mzere wapamwamba

Basi yamadzulo inadutsa m'minda ya mphesa yofiirira, yopanda masamba. Leandro anakhala kutsogolo, maluwa ali pamiyendo, maso ali pa dzuwa lomwe linkatsika mofulumira kuposa basiyo. Foni ya malume ake inkangoitana osayankhidwa.

Atatsika sanalowe m'mudzi. Anathamanga ndi msewu wa mitengo yaitali yakuda mpaka pa chipata cha manda.

Anthu ambiri anali atapita. Pansi panali ponyowa, ndipo ponseponse pankanunkha sopo ndi maluwa. Makandulo ofiira anali atayamba kuwala m'mizere yam'munsi.

Kumapeto kwa khoma lakumadzulo anawaona. Malume Fermín anali atagwira makwerero, akuchonderera. Mayi ake, a Casilda, anali atamanga nsalu yopukutira m'chiuno. Phazi limodzi linali kale pa chitsulo choyamba, ndipo ankayesa kukweza lija la bondo lotupa.

"Amayi, tsikani."

Sanatembenuke.

"Wachedwa."

"Ndachedwa, amayi."

Anatsitsa phazi pang'onopang'ono. Anamasula nsalu ija n'kumupatsa, ndipo dzanja lawo linakhala pa dzanja lake kanthawi.

"Waonda. Ku koleji kumeneko sakudyetsani?"

"Ndikuuzani ndikatsika."

Malume Fermín anapukuta mphuno n'kuyang'ana kumbali.

"Kwera, galu iwe, kukuda."

Leandro anakwera, maluwa ali m'khwapa. Anadutsa maina a anthu osawadziwa mpaka anafika maso ndi maso ndi Damián. Chinali chithunzi cha pa ukwati wa msuweni wawo, taye itapendekeka, akuseka wojambulayo.

Mwalawo unali wozizira. Anaika chikhatho pamenepo. Kenako anapinda chala.

Go-go, go.

Anadikira. Kunalibe mpeni, kunalibe yankho. Ankangomva mphepo m'mitengo ndi kupuma kwa mayi ake pansi pa makwerero.

"Ndili pano, achimwene," anatero iye mwini.

Anakweza nsalu kuti ayambe kupukuta, koma dzanja linaima m'malere. Pamwalapo panalibe fumbi. Zilembo za dzina zinkawala, ndipo m'mphepete mwa chithunzi munali madontho a madzi osauma. Pa kabotolo koikamo maluwa panali patamangidwa kanthu ndi ulusi. Anakamasula. Kanali kasokosi koluka ka khanda, kachikasu, kosakwana n'komwe chala chake chachikulu.

"Fumbi lachuluka?" anafunsa mayi ake. "Chikhalireni palibe wafikapo pamenepo."

Ali pamwambapo, Leandro yekha ndiye ankatha kuona kuseri kwa mpanda wa manda. M'kanjira ka kumunda munkayenda mtsikana, mofulumira, osacheuka, atakumbatira kamwana pachifuwa. Anali atavala jekete lachikopa lalikulu kuposa msinkhu wake, long'ambika pa phewa lakumanzere. Jekete limenelo, la Damián, banja lonse linalifunafuna sabata ya maliro osalipeza.

Leandro anafumbata kasokosi kaja.

"Leandro," anaitana mayi ake. "Ukuona chiyani kumeneko?"